Ndime Yachisanu

Zaka makumi atatu ndinasanja zilembo
ku nyumba yosindikizira ya boma, kunsi kwa phiri.
Inki inamanga mudzi m'zikhadabo zanga,
madzi a Mulunguzi anailephera.
Pepala likatsika kuchokera ku Nyumba ya Malamulo
sitinkafunsa chomwe labereka kumsana.
Ife kwathu kunali kuona kuti mpumiro wakhala pamalo pake.

Lamulo lotsekera munthu osamuzenga mlandu
ndinalisanja ndine, Lachitatu, mvula ikuwaza.
Munalibe cholakwika ngakhale chimodzi.
Kapitawo anandisisita paphewa.

Linagona m'buku ngati mphiri m'masamba ouma.
Tsiku lomwe linadzuka, galimoto yopanda nambala
inaima pasukulu ku Songani
n'kutenga Wadisoni, mng'ono wanga,
choko chili m'manja, samu ili theka pabolodi.

Mayi anamanga chitenje, ulendo wapansi kukhoti.
Kalaliki anatsegula buku, buku langa lomwe lija,
chala chake chikuyenda pamzere womwe ndinawongola:
"Amayi, woweruza safunsa lamulo kuti wachokera kuti.
Amangoliwerenga. Apa palembedwa. Bwererani."
Ku Mikuyu anatibwezera bulangete pachipata.

Kenako chinafika chaka cha nyali.
Milomo yomwe inachita dzimbiri inatseguka,
anthu anakangana mpaka mawu kusasa,
ndipo mapepala anayamba kutipeza ofufutidwafufutidwa,
ena odontha tiyi.
Usiku wina, magetsi akuphethira,
ndinafika pa ndime yachisanu.
Kandime kochepa, kosadzaza ndi chikhatho chomwe:
lamulo lililonse, chochita chilichonse cha boma
chosemphana ndi buku ili, chilibe mphamvu.
Ndinawerenga kawiri. Ndinavula magalasi.
"Mkwapatira, tabwera. Kodi sanalakwitse apa?"
"Dinda, iwe, kukucha."

Asiyatu, yemwe amachita lendi kachipinda kanga ku Chikanda,
amaphunzira zamalamulo, amagona ndi mabuku pachifuwa.
Akuti kutsidya kwa nyanja, kalekale,
oweruza anachita kudzitolera mphamvu imeneyi mochenjera,
poti panalibe pomwe inalembedwa poyera.
"Ife tinachita kuilemba, agogo, ndi zilembo zooneka."
Ndinati inde, mwanawe,
wolumidwa ndi njoka sadikira kuti ndodo aipeze mwangozi,
amaiimika kuseri kwa chitseko.

Koma ndime ndi ndime chabe mpaka wina aigogode.
Zaka zinadutsa. Lameki wa mandasi,
wolawirira kudepoti tambala asanalire,
anagona m'chitokosi katatu pa mlandu wa vakabu:
kuyenda usiku uli wosauka.
Lamulo la atsamunda, lachikulire kuposa ine,
linkayendabe ndi ndodo m'misewu yathu.

Ndinali kwa wometa ku Mpondabwino
pomwe wailesi inati khoti lalikulu laliyeza pa buku lija
ndipo lapezeka loperewera.
Makina anaima pakati pa mutu wanga.
Wometa anati, "Moti woweruza angauze aphungu kuti mwalakwa?"
Wina pabenchi anati, "Nanga iyeyo akalakwa, amuuza ndani?
Tinamuvotera ife?"
Anakangana. Ine ndinangokhala, mbali imodzi yometa,
funso lachiwirilo likundiyabwa ngati chitedze.
Mpaka lero sindinaliyankhe.

Wadisoni anatuluka wopanda mano a kutsogolo.
Sanagwirenso choko.
Tinamuika ndimeyo isanabadwe.
Ndikanakonda mayi akanabwereranso kwa kalaliki uja
n'kumuuza kuti tsegula tsamba lina,
pali buku lomwe buku lakolo limagwadira.

Dzulo ndinagula matemba a ku Chilwa.
Mtsikana anandikulungira m'pepala lachikasu, lakale.
Kufika kunyumba ndinalitambasula pamwendo:
zilembo ndinazidziwa, ndi zathu zomwe,
mizere yowongoka, mipumiro yonse pamalo pake,
mafuta a nsomba atalowerera pa mawu akuti "adzamangidwa".
Ndinayatsira mbaula.